Kodi Mawu Akuti "Insurgency" Amatanthauza Chiyani?

Funso: Ndikamamvetsera nkhani za m'Chingerezi zokhudza nkhondo ya ku Cabo Delgado, m'dziko la Mozambique, ndimamva kawirikawiri mawu akuti "insurgency". Kodi mawuwa akutanthauza uchigawenga?

Yankho: Ayi, ngakhale kuti ziwirizi zimayendera limodzi nthawi zambiri. Mawuwa anachokera ku Chilatini, "insurgere", kutanthauza kudzuka n'kuukira, ndipo amanena za gulu la anthu onyamula zida lomwe lagalukira boma n'kumalimbana nalo kwa zaka, mobisalira, popeza lilibe mphamvu zomenyana ndi asilikali a boma maso ndi maso. Ku Cabo Delgado zinayamba mu Okutobala 2017, pamene anthu amfuti anaukira malo a apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia.

Uchigawenga ndi njira chabe yomenyera nkhondo, yopha anthu wamba pofuna kufesa mantha. Gulu la Boko Haram, lomwe linagalukira boma la Nigeria mu 2009, limagwiritsa ntchito njirayi, koma si ogalukira onse amene amatero. Musasokonezenso mawuwa ndi kulanda boma kochitidwa ndi asilikali, komwe kumatha kutheka usiku umodzi. Ife tikuona kuti atolankhani amawakonda chifukwa saweruza kuti wolakwa ndani, pomwe boma limafulumira kunena kuti onsewo ndi zigawenga.