Tizinena kuti chifukwa kapena choyambitsa?

Funso: Ndikuphunzira filosofi ndiye ndimafuna kufotokozera anzanga mfundo ija ya Thomas Aquinas yosonyeza kuti Mulungu alipo. Ndinati "chilichonse chili ndi chifukwa koma Mulungu alibe chifukwa", anthu anangondiyang'ana. Ndinalakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, anzanuwo sanalakwe kudabwa ayi. Mawu oti chifukwa timawagwiritsa ntchito pambiri. Tikati "wabwera popanda chifukwa" ndiye kuti alibe cholinga, tikati "akungomupezera zifukwa" apo tikunena za mlandu, ndiye inu mukati Mulungu alibe chifukwa wina amva ngati mukuti ndi wosalakwa, wina amva ngati mukuti alipo mwachabechabe, zomwe Aquinas sanaganizeko n'komwe.

Mawu amene mukufuna ndi choyambitsa kapena chochititsa. Chichewa chili kale ndi kachidutswa kogwira ntchito imeneyi, -its- kapena -ets-: mtengo wagwa, mphepo ndiyo yaugwetsa. Ndipo akuluakulu nkhaniyi anaiona kalekale, paja amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Taonani bwinobwino, mnyanga wathyoka, chauthyola ndi dzaye, koma dzayelo silinadzitsitse lokha, pali china chalitsitsa kaya ndi mphepo kaya nyani, nachonso chili ndi chochichititsa chake. Aquinas, katswiri wachikhristu amene anamwalira mu 1274, pa njira zake zisanu zosonyezera kuti Mulungu alipo yachiwiri imayenda chomwechi, akuti palibe chinthu chingadzichititse chokha komanso mzere wa zochititsawu sungangopita m'mbuyo osafika pothera, ndiye payenera kukhala woyamba amene sachititsidwa ndi wina aliyense.

Koma apa pokha ndikupempheni, musamanene kuti "chilichonse" n'kusiyira pomwepo, mwana wamng'ono akufunsani nthawi yomweyo kuti nanga Mulunguyo anamuyambitsa ndani, ndipo adzakhala atafunsa bwino. Al-Ghazali, katswiri wachisilamu amene anamwalira mu 1111, anaika malire: chilichonse chimene chinayamba kukhalapo chili ndi choyambitsa. Kwa iyeyu choyambitsa ndi mawu okhoza ndithu poti nkhani yake ndi yoti dziko lili ndi tsiku loyamba. Kwa Aquinas ine ndimakonda chochititsa, iye mfundo yake siidalira kuti dziko linayamba liti, akunena za chimene chikuchititsa kuti zinthu zikhalepo ngakhale panopa. Anthu ambiri awiriwa amawasakaniza ndipo zimandidandaulitsa.

Mawu oti chifukwa musawataye, ali ndi malo ake. Leibniz, katswiri wa filosofi wa ku Germany, ankati palibe chimene chilipo popanda chifukwa chokwanira, ndipo kwa iye Mulungu chifukwa chokhalirapo ali nacho mwa iye mwini. Ndiye mwaona kuti chiganizo chanu chija chikanamutsutsa.

Kwa anzanuwo kanene kuti: palibe chinthu chimadzichititsa chokha, koma Namalenga palibe chomuchititsa.