Thadzi Likuthothoka Nthenga Litaswa Anapiye

Funso: Thadzi langa litaswa anapiye layamba kuthothoka nthenga ndipo silikuikira. Kodi ladwala? Ndine mayi wa ku Luchenza, Thyolo.

Yankho: Mayi, ngati thadzilo likudya bwino ndipo simukuona utitiri pakhungu pake, musade nkhawa, pakuti nkhuku imasintha nthenga pafupifupi chaka chilichonse, ndipo zimenezi zimachitikanso ikamaliza kufungatira mazira kwa masiku 21, nthawi imene imadya pang'ono kwambiri. Nthenga zatsopano zimafuna chakudya chomanga thupi, choncho madeya okha sakwanira. Onjezerani soya wokazinga, ufa wa usipa kapena chiswe. Chiperoni chikafika, tchingani khola kuti mphepo isalowe, ndipo musamaligwiregwire chifukwa nthenga zikamamera limamva ululu. Kawirikawiri limayambiranso kuikira pakatha masabata 8 mpaka 12.