Anapita kukaimba, akumuuza kuti akavine

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Mwana wawo wamkazi wa zaka 19 amalemba rap m'kope lake lakale la ku sekondale. Atapita ku situdiyo ina, anyamata a kumeneko anamuuza kuti: "Zoimbazo usiye kaye, thupi uli nalo, ubwere Loweruka udzavine mu vidiyo." Mayiwo akufunsa: kodi nyimbo zimenezi n'za atsikana, kapena ndingomuletsa?

Mayi, musamuletse. Anyamatawo ndi amene sakudziwa kumene rap inachokera.

Anthu akamanena za tsiku limene hip-hop, chikhalidwe chimene muli rap, inabadwa, pa 11 Ogasiti 1973 ku Bronx mu New York, amatchula DJ Kool Herc. Koma amene anakonza phwando la tsikulo, limene Herc anaseweretsapo nyimbo, ndi mlongo wake, Cindy Campbell, pofuna ndalama zogulira zovala za kusukulu. Nayonso nyimbo imene inafikitsa rap pa wailesi m'mayiko ambiri mu 1979, Rapper's Delight, inatuluka m'manja mwa mayi, Sylvia Robinson wa Sugar Hill Records. Ndi angati mwa anyamata a zipewa zotembenuzawo amene anamvapo mayina awiriwa? Ife a kuno ku Mulanje sitingadabwe. Timawaona amayi m'esiteti m'mamawa, dengu kumsana, akuthyola tiyi mame asanakamuke, koma tiyiyo akamayamikiridwa m'kapu palibe amawakumbuka.

Kuvina pakokha si mlandu ayi. Ku Chonde pa Mulhako wa Alhomwe amayi amavina tchopa mpaka fumbi koboo, ndipo tonse timalulutira. Chimene chimandiwawa ine ndi kamera. Tsiku lina ndili pa Chitakale kudikira mnyamata wobena nyimbo m'mafoni, ndinaonera vidiyo ina pa kompyuta yake. Woimbayo nkhope yake inali ponseponse, tcheni m'khosi. Atsikana atatu ovinawo kamera inangowayambira m'chiuno kutsika m'munsi. Nyimbo mpaka kutha, sindinaone maso a mmodzi yemwe, ndipo pa mayina a kumapeto panalibe lawo. Uko n'kumusandutsa munthu katundu, ngati galimoto yobwereka imene amaimika kumbuyo kuti aoneke olemera.

Wina anena kuti, nanga Cardi B, woimba rap wa ku America uja, bwanji, si amavala zoposa pamenepo? Zoona, ndipo ine zina mwa zovala zakezo sindigwirizana nazo. Koma maikolofoni amagwira yekha, dzina ndi lake, ndipo mu 2019 anakhala mkazi woyamba woimba payekha kulandira Grammy, mphoto yaikulu ya oimba ku America, ya chimbale chabwino cha rap. Taganizani, zaka zoposa 45 chichitikireni phwando lija. Komanso musamve zoti popanda kuvula sizingayende: Lauryn Hill, woimba winanso wa ku America, anatenga ma Grammy 5 usiku umodzi mu 1999 chifukwa cha zimene analemba ndi kuimba.

Ndiye chitani izi, mayi. Ku situdiyo asapite yekha, apite ndi achimwene ake kapena azakhali. Ndalama yojambulitsira alipire yekha, ngakhale itachokera ku geni yanu ya nthochi, chifukwa mawu akuti "ndikujambula ulere" amabwera ndi ngongole imene amadzaitchula usiku. Nyimbo ikatha akailembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina m'Malawi, m'dzina lake.

Ndipo madzulo ano, mukatha kudya, mumuuze atenge kope lija akuimbireni ndime imodzi. Mukuti simunamumvepo.