Zogwirira za makabati a m'khitchini: yambani mwayeza mabowo musanapite kusitolo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo andilola kuti ndiwayankhe pano poti vuto lawoli lili m'nyumba zambiri. Akuti makabati a m'khitchini mwawo anapangidwa zaka 11 zapitazo, ndi oyera, ali ndi zitseko 14 ndi madirowa 4. Zogwirira zake poyamba zinkawala ngati golide, koma pano zinasupukasupuka, ziwiri zinathyoka, ndipo pali chitseko china chimene amachitsegula ndi nsonga ya mpeni. Mwezi wamawa kuli chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi, alendo adzadzaza nyumba, koma ndalama yopangitsira makabati atsopano palibe. Anaona pa Facebook khitchini ya zogwirira zakuda zazitali, mtima wawo unagwa pomwepo. Ndiye akufunsa kuti kodi kusintha zogwirira zokha kungaoneketsedi khitchini bwino, nanga angathe kuchita okha osaitana kalipentala?

Mayi, zikomo kwambiri pondilembera, ndipo ndikufunirani zabwino zonse pa chinkhoswecho. Mafunso onse awiri yankho lake ndi eya. Makabati oyera amakalamba pang'onopang'ono, koma zogwirira zimatha msanga chifukwa ndi pamene manja a mafuta, a madzi ndi a ufa amafikapo tsiku lililonse. Munthu akalowa m'khitchini maso ake amayambira pomwepo. Mukachotsa zosupukazo n'kuikapo zatsopano zofanana zonse 18, alendo ena adzakufunsani kuti makabatiwa mwapangitsa liti.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musagule kalikonse musanayeze.

Tengani sikuludiraiva, tsegulani chitseko chimodzi, ndipo kumbuyo kwake muona mitu iwiri ya masikuluwu. Masulani, chogwiriracho chichoke. Patsala mabowo awiri. Muyeze kuchokera pakati pa bowo lina kufika pakati pa linzake, m'mamilimita. Musayeze kutalika kwa chogwirira chonse ayi, chifukwa zogwirira ziwiri zitha kukhala zotalika mofanana koma miyendo yake n'kukhala yotalikirana mosiyana. Nambala ya pakati pa mabowoyo ndi imene ikulamulirani kuti mugule chiyani.

Nambalazi sizibwera mwachisawawa. Mafakitale ambiri opanga makabati amatsatira muyeso wa mamilimita 32, choncho zogwirira zambiri zimene mupeze m'masitolo mabowo ake amatalikirana mamilimita 64, 96, 128, 160, 192 mpaka m'tsogolo. Wonani kuti nambala iliyonse ikuposa inzake ndi 32. Zofala kwambiri pa zitseko za m'khitchini ndi 96 ndi 128. Palinso zina, makamaka zakale, zoyezedwa m'mainchesi: mainchesi 3 ndi mamilimita 76. Ngati tepi yanu ikuwerenga 76, dziwani kuti cha 96 sichikalowa ngakhale mutakakamiza bwanji.

Musakhutire ndi chitseko chimodzi. Yezani zitseko zitatu kapena zinayi, ndi dirowa limodzi. Makabati ambiri kuno amapangidwa ndi akalipentala athu a ku Mchesi, ku Ndirande ndi malo ena, ndipo ntchito yawo ndi ya manja. Wina amaboola moyeza bwino, wina amangoika chogwirira pachitseko n'kulemba ndi pensulo. Si zachilendo kupeza chitseko china chili 96 pomwe chinzake chili 97 kapena 98. Kusiyana kwa milimita imodzi si nkhani, mumangokulitsa bowo pang'ono. Nthawi zinanso madirowa amakhala ndi zogwirira zotalika kuposa za zitseko, ndiye ndi bwino kudziwiratu.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ndinaona ndekha mlamu wanga akutaya ndalama. Anagula zogwirira 20 zokongola kwabasi, za 128, pamene mabowo a kunyumba anali a 96. Pofika kunyumba anali atang'amba kale timapepala tonse tokutira. Atabwerera kusitolo anamuuza kuti katundu wotsegula sabweza. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndalamayo anaisunga miyezi ingapo. Choncho popita ku masitolo a hadiweya a mu Malangalanga, ikani m'chikwama chogwirira chakale chimodzi pamodzi ndi sikuluwu yake. Mukafika nenani kuti mukufuna mahandulo a kabati, atulutseni, ndipo mugundanitse miyendo ya chatsopano ndi ya chakale. Ikakumana ndendende, ntchito yanu yatha theka. Ngati mungathe, gulani chimodzi chokha tsiku loyamba, mukachiyese kunyumba, mukachione masana ndi usiku, kenako mudzatenge zotsalazo.

Tsopano masikuluwu, amene anthu ambiri sawaganizira mpaka atafika kunyumba. Zogwirira zambiri zimamangidwa ndi sikuluwu yotchedwa M4, kutanthauza kuti kunenepa kwake ndi mamilimita 4. Ndi ya mazinga ang'onoang'ono ngati bawuti, yopanda nsonga. Zitseko za makabati nthawi zambiri zimakhala zochindikala mamilimita 16 kapena 18, ndipo masikuluwu obwera m'paketi, a mamilimita 22 kapena 25, amakwanira bwino pamenepo. Vuto limabwera pa madirowa. Madirowa ambiri ali ndi matabwa awiri kutsogolo: la bokosi lenilenilo ndi la nkhope limene timaliona kunja. Awiriwa akaphatikizana amafika mamilimita 32 kapena 36, ndipo sikuluwu ya m'paketi siitulukira n'komwe. Pamenepo pamafunika za 40 kapena 45. Pali masikuluwu ena aatali okhala ndi timipata todulira, amene mumathyola ndi pulayala pa muyeso umene mukufuna. Mukawapeza tengani amenewo. Sikuluwu ikatalika kwambiri imagunda kumapeto kwa bowo la chogwirira isanagwire thabwa, ndipo chogwiriracho chimangogwedera. Kawashala kamodzi, kachitsulo kaphanthiphanthi kokhala ndi bowo pakati, koikidwa pansi pa mutu wa sikuluwu kumbuyo kamathetsa zimenezo. Chimene ndikuletseni ndi kumangira chogwirira ndi sikuluwu ya nsonga ya matabwa. Imalowa tsiku loyamba, koma imadya mazinga a m'kati, ndipo pakatha miyezi iwiri chogwirira chimatsalira m'manja.

Tibwere ku zakuda zazitali zimene mtima wanu wakonda. Pa makabati oyera zimaoneka bwino zedi, sindikutsutsa. Koma khitchini imene munaiona pa Facebook mwina simuphikidwa nsima kawiri pa tsiku. Chakuda chosawala chimaonetsa ufa. Mukatapa ufa n'kutsegula kabati kuti mutenge chipande, zala zanu zisiya chizindikiro choyera, ndipo mafuta akasakanikirana ndi ufawo pamafunika kupukuta pafupipafupi. Ngati kupukutako sikukuvutani, gulani, koma muyang'ane utoto wake. Pali zopakidwa utoto wowotchera umene umagwira zolimba, ndipo pali zongopopera zimene mphete ya pachala imazikanda sabata yoyamba. Kandani pang'ono ndi chikhadabo kunsi kwa mwendo, pamene sipaoneka. Utoto ukanyotsoka, zisiyeni.

Kapangidwe kake ndi nkhani ina imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa mtundu. Zogwirira za ndodo zija, zimene nsonga zake zimapitirira miyendo uku ndi uku, zimakola. Zimakola chitenje, thumba la epuloni, chingwe cha ketulo, ndipo pa makabati apansi nsongazo zimakhala pa msinkhu wa nkhope ya mwana wongoyamba kuyenda. Tsiku la chinkhoswe m'khitchinimo mudzakhala amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi akupanikizana, mapoto otentha ali m'manja. Ine ndikanakhala inu ndikanasankha zopindika kumapeto, zimene nsonga zake zimabwerera kuchitseko ngati chilembo cha D. Zilipo zakuda, zazitalinso, ndipo sizikola kanthu. Lowetsaninso zala zinayi kuseri kwake muli m'sitolo momwemo. Mpata ukhale wokwanira, pafupifupi mamilimita 30, kuti zikhadabo zisamakande chitseko ndiponso agogo a zala zouma asamavutike.

Za chitsulo chake ndinene mwachidule. Zanu zakalezo n'kutheka ndi pulasitiki kapena zinki wokutidwa ndi kakhungu kowala, n'chifukwa chake zinasupuka. Stainless steel ndi aluminiyamu zimapirira chinyezi, ndipo amene muli ku Salima, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay muziganizire zimenezi kwambiri. Brass weniweni, chitsulo chachikasu chija, ndi wolemera, sachita dzimbiri, koma amada pakapita nthawi ndipo mtengo wake ndi wokwera. Nyamulani chogwirira m'manja mumve kulemera kwake. Chopepuka ngati bango nthawi zambiri chimakhala paipi yopyapyala, ndipo miyendo yake sichedwa kumasuka.

Nanga mukafunitsitsa zazitali kuposa mabowo amene alipo? Zimatheka, koma apa mpamene ntchito imakula. Pachitseko, mutha kusunga bowo limodzi lakale n'kuboola limodzi latsopano. Kuchoka pa 96 kupita pa 128, bowo lakale lachiwiri limatsala kunsi kwa ndodo ya chogwirira, lobisika pang'ono koma osati kotheratu. Pa dirowa njira imeneyi siigwira, chifukwa chogwirira chikhala chopendekera mbali imodzi. Pamenepo mumaboola awiri atsopano kuti chikhale pakati, ndipo akale onse awiri amatsala. Ngati makabati anu ndi a thabwa lenileni, monga paini kapena mlombwa, kutseka bowo n'kosavuta: kamtengo kosongola ndi guluu, kapena utuchi wosakaniza ndi guluu, kenako sandipepa ndi vanishi. Koma mwanena kuti ndi oyera, ndiye ndikuganiza kuti ndi melamine, matabwa a utuchi wopanikiza aja okutidwa ndi khungu losalala. Pa melamine fila woyera, phala lomatira mabowo, amatseka bowo, koma kadontho kamaonekabe ukayandikira. Ena amagula timbale tachitsulo toika kuseri kwa chogwirira, timene timaphimba mabowo akale onse. Inu poti nthawi yachepa ndipo mukufuna kugwira nokha, malangizo anga ndi akuti khalani pa muyeso wakale. Pali zogwirira za mabowo a 96 zimene thupi lake ndi lalitaliko ndithu, ndipo mupeza maonekedwe amene mukufuna popanda kuboola.

Ngati kuboolako sikungapeweke, dulani kakatoni kolimba, mubooleko mabowo awiri pa muyeso wake, ndipo kakhale chikombole cha zitseko zonse kuti zogwirira zikhale pa mzere umodzi. Makabati apansi chogwirira chimakhala chakumwamba, apamwamba chimakhala chakumunsi, nthawi zonse mbali yotalikirana ndi mahinjesi. Kumbukirani kutembenuza kakatoniko pochoka pa chitseko chakumanja kupita pa chakumanzere. Matani tepi ya pepala pamalo oboolapo, lembani pa tepipo, ndipo muboole kuchokera kunja kulowa m'kati ndi kachitsulo koboolera ka mamilimita 5, wina atakanikiza kathabwa kuseri. Popanda kathabwako melamine amatekeka potulukira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chitseko choyamba chikutengereni nthawi, zinazo zidzayenda zokha.

Mukachotsa zogwirira zonse muona chinthu chimene simunachiyembekezere. Pamene panakhala miyendo ya zakale pakhala poyera kwambiri, mozungulira pali mkombero wa mafuta ouma a zaka 11. Umenewu ndiye mpata wanu wotsuka. Madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, nsalu yofewa, ndipo pamene pakanika pakanipo soda wonyowetsa pang'ono, mudikire mphindi zochepa, mupukute. Waya wotsukira mapoto asayandikire, amakanda melamine ndipo mikwingwirimayo siichoka. Musathirenso madzi ambiri, chifukwa akalowa m'mabowo thabwa la m'kati limafufuma. Melamine woyera amasanduka wachikasu pang'ono ndi zaka, choncho kachizindikiro koyera kaja mwina sikatheratu. N'chifukwa chake ndi bwino kusankha zogwirira za miyendo yotambalala mofanana ndi zakale kapena kuposerapo.

Chitseko chimene mumatsegula ndi mpeni chija muchiyang'anitsitse. Ngati ndi cha pansi pa sinki ndipo m'munsi mwake mwafufuma, chogwirira chatsopano sichichiritsa. Chimenecho chokha muitanire kalipentala adule china, mtengo wa chitseko chimodzi si wa khitchini yonse. Zitseko zina zikakhala zopendama, yang'anani mahinjesi. Ngati ndi obisika aja okhala ndi kambale kozungulira kolowa m'chitseko, ali ndi timasikuluwu tosunthira chitseko kumanja, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Potokolani pang'onopang'ono, mukutseka ndi kuyang'ana, mpaka mipata ya pakati pa zitseko ifanane. Zogwirira zakuda pa zitseko zoyera zimaulula kupendama kulikonse, ndiye musadumphe zimenezi.

Pomanga, gwiritsani ntchito sikuludiraiva ya manja. Lowetsani masikuluwu onse awiri pang'ono kaye, muwongole chogwirira, kenako mumange mpaka chitasiya kugwedera, basi. Mukapitiriza, mutu wa sikuluwu umamira m'thabwa. Gulani zogwirira 20 m'malo mwa 18, chifukwa mtundu umene uli m'sitolo lero chaka chamawa mwina sudzapezekanso. Amene mukuwerenga muli m'nyumba ya lendi, yambani mwauza eni nyumba, musaboole mabowo atsopano, ndipo zakalezo muzisunge m'kajumbo ndi masikuluwu ake kuti mudzabwezeretse potuluka.

Mayi, ngati mabowo agwirizana, iyi ndi ntchito ya Loweruka limodzi masana, kutsuka komwe. Pakatha sabata mudzadutsenso ndi sikuludiraiva chitseko chilichonse, chifukwa masikuluwu atsopano amamasuka pang'ono akayamba kukokedwa. Mukayeza madzulo ano, nditumizireni nambala ya pachitseko ndi ya padirowa pamodzi ndi kuchindikala kwa thabwa, ndikuuzani kutalika kwa masikuluwu oti mukagule.