Besi ndi nyimbo pa gitala imodzi

Achimwene, mwafunsa momwe mungaimbire besi ndi nyimbo nthawi imodzi muli nokha. Yambani ndi chala chachikulu chokha. Chizidumpha pa nsambo zitatu zokhuthalazo osaphonya kugunda, mpaka chizichita chokha inu mukucheza ndi munthu. Merle Travis ndi Chet Atkins, akatswiri a gitala a ku America, ankaimba chonchi. Kenako ikani nyimboyo pa nsambo zowonda, noti yake izikhala pamwamba pa kodi iliyonse (kodi ndi manoti angapo olira pamodzi), monga ankachitira Joe Pass mu jazi.

Ine ndinataya miyezi ndikuunjika makodi paliponse, nyimbo n'kumira. Nthawi zambiri manoti awiri okha amakwana. Za kachunidwe ka DADGAD (kuchuna nsambo zisanu ndi imodzi pa manoti D, A, D, G, A, D), komwe woimba gitala wa ku Britain Davey Graham anatchukitsa m'ma 1960, dikirani kaye. Kamakoma pa nyimbo za ku Ireland, koma makodi a jazi amavuta kuwagwira.