Kuyankha mphwanga pa za ukazembe

Eee mphwanga, ndamva funso lako pagulu pano, loti munthu amafika bwanji pa ukazembe, komanso ngati mwana wa ku Ulongwe kuno ku Mozambique angafikepo. Angafike ndithu, koma tchera khutu.

Ntchito imeneyi sayambira pamwamba ayi. Ukamaliza kalasi 12, njira yodziwika ndi ku Maputo, kusukulu ya za ubale wa mayiko ija inkatchedwa ISRI, yomwe inatsegulidwa mu 1986. Pano anaiphatikiza ndi ina, ndiyo Universidade Joaquim Chissano. Ukatuluka kumeneko umalimbirana malo ndi anzako kuti ulowe mu unduna wa zakunja, MINEC. Umayambira pansi, terceiro secretário (mlembi wachitatu), kulemba malipoti, kukachingamira nthumwi kubwalo la ndege pakati pa usiku. Kenako segundo (wachiwiri), primeiro (woyamba), conselheiro (mlangizi), pang'onopang'ono choncho. Ambiri dzina la embaixador, kazembe weniweniyo, limawapeza imvi zitamera, ndipo wotumiza kazembe kudziko lina ndi Pulezidenti.

Taona a Pedro Comissário. Anaimira Mozambique ku United Nations, ku New York, m'zaka za m'ma 1990 nkhondo yathu ikutha, ndipo ndi iwo omwe anakatsogolera nthumwi zathu dziko lino litakhala mu Security Council, nthambi ya United Nations yoona za mtendere ndi chitetezo, mu 2023 ndi 2024. Zaka zonsezo, ntchito yomweyi ya ukazembe.

Koma chimene ndikufuna umvetse ndi ichi. Iwe ukuona masuti ndi galimoto ya kambendera. Ine ndikuona munthu wathu wamwalira ku Joni, abale akulira kuno ku Angónia, thupi silingadutse malire popanda mapepala. Kapena dalaivala wataya pasipoti atawoloka malire pa Zóbuè kulowa ku Malawi, wasowa mtengo wogwira. Wothamanga ndi zimenezo ndi konsulo, woimira boma amene amathandiza nzika zake kudziko lina. N'chifukwa chake a Malawi ali ndi ofesi ku Tete, ifenso tili nazo ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Pamenepo Chichewa chako chomwechi ndi chuma, usachite nacho manyazi.

Zowawa zake ziliponso, sindikubisira. Maliro akuno ambiri udzangomvera pafoni, ana ako adzasinthasintha sukulu, ndipo pamsonkhano umanena mawu a boma, ngakhale tsiku limene mtima wako ukukana.

Ngati mtima ulipobe, limbikira Chipwitikizi cholemba ndi Chingerezi, Chifalansanso uyambe pompano. Unditumizire zotsatira zako za teremu ino, ndipo Loweruka ndibwera tikambirane ndi mayi ako za ndalama ya ku Maputo.