Kodi kompyuta ingandichenjeze nyanja isanalowe m'nyumba?

Bambo wina wa ku Makawa m'boma la Mangochi, yemwe nyanja inamufikira pakhonde mu 2024, wanditumizira imelo. Akuti wamva za makompyuta ophunzira okha amene amalosera kusefukira kwa madzi, ndiye kodi amangenso pomwepo n'kumadalira foni?

Bambo, zimene mwamvazo n'zoona. Kompyuta amaipatsa kaundula wa zaka zambiri: mvula imene inagwa, chinyezi cha m'nthaka, ndi mmene mtsinje unakwerera mawa lake. Yokha imatola kagwirizano ka zinthuzi, ndipo mvula ikaloseredwa imanena pofika madzi. Flood Hub ya Google imachita zimenezi mpaka masiku 7 zisanachitike, ndipo Malawi alimo kuyambira 2022.

Koma zimenezo n'za mitsinje. Vuto lanu ndi nyanja, ndipo nyanja sidzidzimutsa munthu. Imakwera pang'onopang'ono kuyambira Disembala, n'kufika pachimake cha m'ma Epulo kapena Meyi. Madzi amene anamiza mipanda ya malo ogona alendo kuno, ambiri sanagwe ku Mangochi. Anabwera ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, Songwe, South Rukuru, Bua. Potulukira ndi pamodzi pokha: Shire, kudutsa Malombe mpaka pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde, ena onse amauma ndi dzuwa. Zitseko za barajiyo amatsegula ndi anthu, ali ndi magetsi a ku Nkula ndi midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje m'maganizo. Chiganizo chimenecho kompyuta ya ku California singachilosere. Nambala yoti muziitsata ndi mlingo wa nyanja umene bungwe la boma loona za madzi la National Water Resources Authority limalengeza. Mu 2024 unapitirira mamita 476 kuyezera pa mlingo wa nyanja yamchere.

Kumene kompyuta ikanatithandiza kwambiri ndi kumenenso imalephera: timitsinje totsika m'mapiri a ku Namwera, touma chilimwe chonse koma todzadza usiku umodzi. Tambiri tilibe ndodo yoyezera madzi, ndiye iphunzira pa chiyani? Komanso imadziwa zimene inaonapo. Mvula yonga ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 ilimo kangati m'kaundula?

Foniyo ikhale, ndipo uthenga wa azanyengo muziumvera. Koma musanakumbe maziko, yang'anani mzere wa ndere umene madzi a 2024 anasiya pakhoma, mufunsenso akuluakulu pamene nyanja inafika mu 1980, chifukwa chaka chimenecho inakwera kuposa apa. Mumange kumtunda kwa pamenepo.